Mutu 9: Madzi a M'galaja

1. Galaja yopanda galimoto

M'galaja ya kwa Kamphepo munalibe galimoto. Galimoto inapita chaka chimene bambo ake, mmisiri wa zamagetsi, anagwa pa makwerero ali pa ntchito n'kuvulala msana. Pamalo pake panakhala bafa lalikulu lozungulira, lotenthetsa madzi lokha ndi magetsi. Linali ndi pampu yotakasa madzi ndi chivundikiro cholemera ngati matiresi onyowa.

Bafalo anabwera nalo ndi amalume ake a Kamphepo, amene ankasamalira madamu osambiramo pa hotela ina. Eni hotela atagula mabafa atsopano, amalume anapempha lakalelo. Analikonza okha pang'onopang'ono mpaka pampu inayambanso kulira.

Amayi sanalikonde. Ankati m'nyumba ya anthu ovutika mwalowa chinthu cha anthu olemera, ndipo zinthu zotere sizibwera zokha. Koma tsiku lina anaona mwamuna wawo, amene m'mawa ankadzuka ali gwa ngati thabwa, akutuluka m'madzi otenthawo n'kuyenda mpaka pageti opanda ndodo. Kuyambira pamenepo anasiya kulankhula za bafalo.

Kamphepo anali mwana yekhayo m'nyumbamo, mtsikana wa ku sekondale, wamiyendo italiitali. Dzinalo anamupatsa ndi bambo ake akali wamng'ono, chifukwa ukamutuma kugolosale ankabwerako iwe usanakhale n'komwe pansi. Amayi ankalawirira m'mamawa ku kampani yochapa ndi kusita zovala. Bambo sankatha kuwerama. Choncho ntchito yosamalira madzi inagwera iye.

2. Zimene amalume ananena

Tsiku lomupatsa ntchitoyo, amalume anamukhazika pa ndowa yovundikira. Patsogolo pake anaika zitini zitatu za mankhwala ndi kabotolo ka timapepala toyezera madzi. Kapepala kalikonse kanali ndi timadontho titatu tosintha mtundu tikanyowa, ndipo kunja kwa kabotoloko kunali mitundu yofananizira.

"Mphwanga," anatero amalume, "madzi awa si a pampopi, amene amabwera n'kupita. Awa amakhala. Ndi otentha, ndipo munthu akalowamo amasiyamo thukuta, mafuta odzola ndi litsiro la kumapazi. Tizilombo timakonda malo otere kuposa mmene iwe umakondera kuthamanga. N'chifukwa chake pali klorini, chitini chachikuluchi. Koma klorini ndi wantchito wamatama. Madzi akapendekera ku soda, iye amangokhala pansi manja lende, madzi n'kuchita mbuu. Madzi akapendekera ku asidi, amalusa. Amaluma maso, amawotcha khungu, amadya ngakhale zitsulo za pampu. Ntchito yako ndi kuwasunga madziwa pakatikati.

"Uziyamba ndi kuyeza. Usathire kanthu usanayeze. Kadontho kapansika kamakuuza ngati madzi ali ndi msana, ngati angathe kukhazikika osagwedera uku ndi uku. Kakalakwika, konza kameneko poyamba ndi soda uyu. Kenako uone kapakati, ka asidi. Klorini abwere pomaliza. Uzithira chimodzi chimodzi, supuni yosadzaza, pampu ikuyenda, chivundikiro chili pambali, windo lili lotsegula. Ukathira, choka ukachite zina, ubwere udzayezenso. Madzi sakonzedwa ndi munthu amene phazi limodzi lili kale pakhomo.

"Tsono ichi umve ndi makutu onse awiri. Ufa wa asidi ndi klorini asakumane. Asakumane m'kapu, asakumane pa supuni, asakumane pamalo amodzi m'madzi. Akakumana amabala mpweya umene umapsereza munthu m'chifuwa. Ndinagwirapo ntchito ndi mnyamata wina wachangu kwambiri, wosafuna kudikira. Lero akamakwera masitepe amapumira pakati ngati nkhalamba, koma sanakwatire n'komwe. Ndipo maso asakunamize. Madzi oyera mbee angathe kukhala poizoni. Ukasokonezeka undiimbire, ngakhale ndikhale pakati pa mapemphero. Safunsa anadya phula."

Kamphepo anati wamva, ndipo miyezi yoyambirira anamvadi. M'mawa uliwonse ankaviika kapepala n'kukafanizira pawindo. Bambo ake anayamba kumutchula kuti Adokotala. Ankaima pakhomo la galaja atakoleka thaulo pakhosi n'kufunsa kuti, "Adokotala, wodwala wanu alowe?" Iye ankawaonetsa kapepalako monyadira, onse n'kuseka.

3. "Ndayeza"

Kenako kusukulu kunabwera nkhani. Aphunzitsi a masewera analengeza kuti asankha atsikana okathamanga ku mpikisano waukulu wa masukulu. Anati ochita bwino kumeneko amatengedwa ndi sukulu ina yogonera konko imene imaphunzitsa othamanga mwaulere. Ofuna kusankhidwa anayenera kufika pabwalo tsiku lililonse dzuwa lisanatuluke, kukakonzekera.

Kuthamanga kunkafuna changu, madzi ankafuna kudikira, ndipo zonse ziwiri zinkafuna m'mawa womwewo.

Tsiku loyamba limene Kamphepo sanayeze, ankangoganiza za bambo ake mpaka masana. Atabwerako anapeza bambo ake ali bwinobwino, akukonza wailesi ya aneba pakhonde. Tsiku lotsatira sanayezenso. Anangowaza klorini mongoyerekeza n'kuthamanga. Masiku ena ankaiwala ngakhale kuwazako.

Bambo akafunsa, ankayankha akumanga zingwe za nsapato, osadzutsa mutu.

"Ndayeza, Bambo."

Poyamba mawuwo ankamulemera pakamwa. Pakupita kwa masabata anapepuka, mpaka ankatuluka okha ngati moni.

Masiku omwewo bambo analandira foni yochokera ku kampani yawo yakale. Kunapezeka ntchito yokhala pansi, yokonza mamita a magetsi owonongeka. Anati awapatsa ntchitoyo ngati dokotala wa kampani ataona kuti angathe kuyenda okha ndi kukhala pampando osavutika. Ofuna malowo anali ambiri, ndipo dokotalayo ankabwera tsiku limodzi lokha. Tsikulo linagwa pamodzi ndi tsiku limene aphunzitsi anaika losankha othamanga.

Chigwereni pa makwerero paja, bambo anali asanasekepo ngati mmene anasekera sabata imeneyo. Amayi anawasitira shati yoyera ndi manja awo a ukatswiri, n'kuikoleka kuseri kwa chitseko. Bambo anati m'mawa wa tsikulo adzakhala m'madzi mpaka msana utafewa ngati mphira.

"Ndodoyi ndidzaisiya pageti," anatero. "Akadzandifunsa, ndidzati ndi ya mlonda."

4. Madzi a mbuu

M'mawa wa tsikulo amayi anachoka monga mwa nthawi zonse, atalonjeza kuti apempha kuweruka msanga kuti akawaperekeze bambo kwa dokotala. Bambo anali kuchipinda akumeta ndevu. Kamphepo analowa m'galaja atavala kale zothamangira, nakankha chivundikiro.

Madzi anali mbuu ngati otsukira mpunga. M'mbali munali thovu lotuwa, ndipo fungo lake linali la nsanza yonyowa imene yaiwalika m'ndowa. Pansi pa bafa sipankaoneka.

Anatenga kapepala, koyamba pa masabata ambiri, nakaviika. Kadontho ka klorini kanangokhala koyera, kusonyeza kuti munalibiretu. Kapakati kanafiira kupitirira mitundu yonse ya pakabotolo. Madzi anali atapendekera kutali ku soda.

Chochita ankachidziwa. Anayenera kuwauza bambo kuti lero salowa, aimbire amalume, ndipo akonze madziwo pang'onopang'ono kapena awataye onse. Koma madzi atsopano sakanatentha tsiku lomwelo. Bambo akanapita kwa dokotala ali gwa, ndodo ili m'manja. Ndipo akanafunsa kuti madzi oyezedwa tsiku ndi tsiku afika bwanji pamenepa.

Anatulutsa foni, napeza nambala ya amalume. Chala chake chinaima pamwamba pake.

Pageti panamveka mawu a mnzake wa m'kalasi, amene anthu ankamutcha Wailesi chifukwa sankadziwa kutseka pakamwa. Ankakuwa kuti aphunzitsi anena kuti wochedwa asavutike n'kubwera, ndiponso kuti iye sangataye mwayi wake chifukwa cha munthu amene akusamba ngati mkwatibwi.

Nthawi yomweyo bambo anaitana ali kuchipinda.

"Adokotala, wodwala wanu alowe nthawi yanji?"

Kamphepo anayang'ana madzi aja, nayang'ana khomo.

"Mukamaliza kumwa tiyi, Bambo. Zonse zili bwino."

Anabweza foni m'thumba. Supuni anaisiya pamene inali, natenga kapu. Anatapa ufa wa asidi n'kukhuthulira m'madzi. Ndi kapu yomweyo, ikali yonyowa, anatapa klorini. Kapuyo inachita phokoso ngati mafuta pamoto, inatentha m'manja mwake, ndipo kafungo kakuthwa kanamulasa m'mphuno mpaka misozi inalengeza. Anakhuthulira pamalo omwe aja. Anatapanso, nakhuthulanso, kuti madzi ayere msanga.

Anayatsa pampu. Anabwezera chivundikiro kuti bambo asaone mbuu uja usanathe. Anatseka windo kuti fungo lisafike kukhitchini. Anatseka chitseko, nathamangira kugeti.

5. Woyamba

Pabwalo la sukulu Kamphepo anathamanga ngati akuthawa chinthu. Anzake onse anawasiya kutali, moti pomaliza ankangomva mapazi ake okha. Aphunzitsi anamugwira paphewa n'kunena kuti wasankhidwa, ndipo akapitiriza chonchi sukulu ija idzachita kumupempha. Wailesi, amene anamaliza wachitatu, anauza aliyense kuti ndi iye amene anamudzutsa.

Pobwerera, Wailesi analankhula njira yonse. Kamphepo sanamve kanthu. Atakhota pa msewu wa kwawo anaona anthu ataima m'timagulu, ena atatseka mphuno ndi nsalu. Chitseko chachikulu cha galaja chinali chotsegula, ndipo fungo lija linkamveka mpaka mumsewu.

Pansi pa galaja panali madzi ponseponse. Ndodo ya bambo inali pakati pa madziwo. Patapata imodzi inali pafupi ndi bafa, inzake panja.

Aneba awo, bambo wosoka nsapato, anali atakhala pa mpanda wa njerwa, maso ali psuu, akutsokomola. Ndi iwo amene anamufotokozera. Anati anamva kugogoda pakhoma, kofooka koma kosalekeza. Atalowa anapeza bambo ake theka la thupi lili m'madzi, theka lili kunja, akufunafuna mpweya ngati nsomba pamchenga. Msana unawakanika kuti adzikoke okha. Anawanyamula ndi anyamata awiri odutsa m'njira, n'kuwakweza galimoto ya munthu wina wachifundo.

"Koma madziwo ndiye oyera bwino," anatero aneba aja, akupukusa mutu. "Sindikumvetsa."

Kamphepo anasuzumira m'bafamo. Madzi anali mbee. Pansi pankaoneka bwinobwino, ngakhale timabowo ta pampu.



6. M'chipatala

Bambo anawagoneka pafupi ndi khomo la wodi, pamene anamwino akanatha kuwaona mosavuta. Kumaso anali ndi chopumira cha pulasitiki. Maso anali otupa, khungu la pachifuwa ndi m'miyendo lili lofiira ngati lothiridwa madzi owira. Akamapuma, m'chifuwa munkalira ngati chitseko chadzimbiri.

Amayi anali atafika kale, akali mu yunifolomu ya kuntchito. Amalume anali ataima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja. Amayi sankakuwa. Ankalankhula motsitsa, ndipo kutsitsako n'kumene kunkapweteka.

"Achimwene, ndinanena ine. Ndinati chinthu chimene eni ake ataya chili ndi chifukwa chake. Inu munati ndine wamantha. Munabweretsa magetsi, madzi ndi mankhwala m'chipinda chimodzi, n'kuikamo munthu wosatha kuthawa. Munthuyu anagwa kale kamodzi. Ndamunyamula, ndamusambitsa, ndamva kulira kwake pamene inu muli kwanu mukugona. Lero linali tsiku lake loti aimenso ngati bambo. Taonani mmene mwamuimikira. Chinthu chanucho mukachichotse pakhomo panga, ndipo mukatero mukhale kaye kwanu."

Amalume sanadziteteze. Anati mwina pampu yalakwika penapake, mwina iwo sanaone bwino pokonza. Kenako anatembenukira kwa Kamphepo, namufunsa mofatsa ngati anayeza madzi m'mawa umenewo.

Anayezadi, ndipo chimenecho chokha chinali choona.

"Ndinayeza," anatero.

Amalume anafuna kufunsanso, koma bambo anakweza dzanja. Anasuntha chopumira chija pang'ono, nalankhula mawu amodzi amodzi, akupumira pakati.

"Mwanayu musamuvutitse. Madzi anali oyera. Adokotala anga salakwitsa."

Namwino anawabwezera chopumira, nawauza kuti asalankhulenso.

Masana foni ya bambo inalira m'chikwama cha amayi. Anali a ku kampani. Amayi anafotokoza, anapempha, anapemphanso. Anamvetsera kwa kanthawi, nathokoza, n'kudula. Anati a kampani apepesa kwambiri, koma dokotala wawo wamaliza kuona anthu, ndipo malo aja apatsa wina.

Bambo anamva. Anangotembenuzira nkhope kukhoma, pang'onopang'ono, chifukwa ngakhale kutembenuka kunkawapweteka.

Palibe amene anafunsa Kamphepo za mpikisano, ndipo iye sanauze munthu.

7. Zitini

Amayi anamutuma kunyumba kuti akatenge bulangete ndi zovala zosinthira. Anakwera basi yekha, akali m'zothamangira zake. Kutsogolo kwake kunakhala bambo wina ndi kamwana kake, akukaphunzitsa kuwerenga zikwangwani za m'misewu. Kamphepo anatsika basi isanafike pamalo ake, nayenda wapansi.

Kunyumba kunali zii. Pa tebulo panali kapu ya tiyi yomwedwa theka. Anapinda bulangete, naika m'chikwama. Kenako anapita m'galaja, natsegula windo limene anatseka m'mawa, ngakhale tsopano kutsegulako kunalibe ntchito. Anazimitsa pampu. Anamasula potulukira madzi, nakhala pansi kuonerera madziwo akuyenda m'ngalande mpaka kunja. Udzu wa m'mbali mwa ngalandeyo unayamba kufota dzuwa lisanalowe.

Anayesa kunena mokweza mawu ovomera kulakwa kwake, kuti amve mmene angamvekere pamaso pa amayi. Anafika pa "Amayi, ndine" basi. Mawu otsalawo anakana kutuluka.

Dzuwa litapendeka anamva njinga yamoto ikuima pageti. Anali amalume. Sanalowe m'nyumba, analunjika kugalaja. Nkhope yawo inali itakalamba pa tsiku limodzi lokha.

Anati chifuwa cha bambo chayamba kudzaza madzi, ndipo awasamutsira ku chipinda cha odwala kwambiri. Anati dokotala wa m'chipindamo sakufuna zongoganizira. Akufuna kudziwa chimene chinathiridwa m'madzimo, kuchuluka kwake, ndiponso ngati mankhwalawo anasakanizidwa, kuti adziwe chimene akulimbana nacho. Wati abweretse zitini zonse pamodzi ndi munthu amene anathira.

Atatero anawerama kuti atole zitinizo. Ananyamula cha soda, nachiika m'thumba. Ananyamula cha asidi, naima pang'ono. Kenako ananyamula chachikulu chija, cha klorini, ndipo dzanja lawo linakwera msanga kuposa mmene ankayembekezera. Anachigwedeza. Munangolira timiyala tochepa pansi.

Pafupi ndi phazi lawo panali kapu ija. M'kati mwake munali mutauma zoyera, ndipo pulasitiki ya m'mphepete inali itapindika ndi kutentha. Anaitola ndi zala ziwiri, nainunkhiza chapatali.

Amalume anamuyang'ana Kamphepo. Sanakalipe. Akanakalipa, mwina zikanapepuka.

"Mphwanga," anatero, "amayi ako andithamangitsa, ndipo ndikhoza kusenza zimenezo mpaka kumanda ngati zingathandize. Koma dokotala uja sindingamunamize, chifukwa bodza limeneli lingatenge bambo ako. Ine ndikanena zimene ndaona m'chitinimu. Zimene zinachitika m'mawa ukudziwa ndi iwe wekha, ndipo amayi ako akakhala ali pomwepo."

Anaika kapuyo m'thumba pamodzi ndi zitini, natuluka. Kunja njinga inalira.

"Kwera," anatero amalume.

Kamphepo anaima pageti, chikwama cha bulangete chili pamsana. Kumanzere kunali njinga ndi msewu wa kuchipatala. Kumanja msewu unali wopanda munthu, wowongoka mpaka kutali, ndipo m'dera lonselo munalibe amene akanatha kumupeza atayamba kuthamanga.